Kukoka Uta Wosaoneka

Mwendo wakumanzere umatsegukira kumbali, manja n'kupingasana pachifuwa, lamanzere lili kunja. Ndiye munthu amayamba kutsika ngati wokwera pahatchi, mawondo akupindika, msana uli chilili. Akutsika choncho, dzanja lamanja limapinda zala n'kubwerera kuphewa ngati lakola chingwe cha uta, pamene lamanzere likukankhira kumbali, chala chachikulu ndi chamkombaphala zitatambasuka, zitatu zinazo zitapindika. Maso ali pansonga ya chamkombaphalacho. M'manjamo mulibe uta ngakhale muvi. Koma mukaima pafupi ndi munthu amene wachita zimenezi kwa zaka zambiri, chingwecho mumachiona chikukungika, chifukwa manja awiriwo amafika kumathero nthawi imodzi, mawondo nawo n'kufika nthawi yomweyo, popanda chiwalo chosiya chinzake m'mbuyo. Pamenepo amaima kamphindi, atakungika kuchokera kunsonga ya chala, kudutsa pachifuwa, mpaka kuchigongono cha mkono winawo. Kenako zonse zimamasuka, dzanja lamanja limazungulira m'mwamba n'kutsikira kumbali, phazi n'kubwerera pamalo pake.

Chimenechi ndi chigawo chachiwiri mwa zigawo 8 za Baduanjin, umodzi mwa mitundu yotchuka kwambiri ya qigong, luso la ku China losamalira thupi pophatikiza kuyendetsa ziwalo, kupuma mwadongosolo ndi kukhazika maganizo pansi. Zigawo zonsezo zimatha m'mphindi pafupifupi 12. Sizifuna chipangizo chilichonse, ndipo malo ake ndi pongokwanira kutambasula manja osagunda mnzako. M'mamawa ku Tiantan, paki yaikulu ya mumzinda wa Beijing imene ili ndi kachisi womangidwa mu 1420, anthu opuma pantchito amandanda m'mizere pansi pa mitengo yakalekale, wina ataika kasipika pansi kuti kaziwaimbira nyimbo yoyenda mwachifatse. Sajomba ngakhale mu Januwale madzi ataundana. Amangovala magolovesi ndi zipewa.

Chimene chimandigometsa pa lusoli ndi mmene limasungira mphamvu. M'chigawo chilichonse mphamvu imalowa malo amodzi okha, pa kamphindi koima kaja, ndipo kwina konseko thupi liyenera kukhala lofewa. Ophunzira atsopano amaphonya mbali ziwiri. Ena amauma gwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mapewa atakwera kufika m'makutu, moti pofika chigawo chachinayi khosi likuwawa ndipo akupuma wefuwefu. Ena amafewa lobodo, manja akungoyandama mumphepo, n'kumaliza mphindi 12 popanda mnofu umodzi umene wamva kanthu. Katswiri amadutsa pakati pa awiriwa. Amayenda wofewa, amakungika pamene payenera kukungika, ndipo asanatope wamasuka kale. Mawu amene mphunzitsi amabwereza kuposa onse ndi akuti song, masukani, ndipo kawirikawiri amawanena akugwira phewa la wophunzira n'kulitsitsa ndi zala ziwiri. Kudziwa kuti phewa lako lakwera iwe osalituma, ndi kulibweza popanda kulimbitsa china, ndi ntchito imene ena amatha nayo zaka.

Asanayendetse dzanja n'limodzi lomwe, munthu amayamba waphunzira kuima. Mapazi amatalikirana molingana ndi mapewa. Mawondo amapindika pang'ono, osapitirira zala zakumapazi. Manja amakhala kutsogolo kwa mchombo ngati akumbatira mpira waukulu, nsonga za zala zikuyang'anana motalikirana masentimita 10 kapena cha pamenepo. Lilime limakhudza kumwamba kwa m'kamwa kuseri kwa mano, chibwano chimalowa pang'ono, liwombo limakankhira kumwamba pamene fupa lakumapeto kwa msana likulendewera pansi. Mayi amene wasenza ndowa yodzaza kuchokera kumjigo amaidziwa kale kaimidwe kameneka: mutu ukukankha katunduyo, khosi latalika, mapewa agwa, chiuno chikusewera, ndipo madzi satayika, koma akangoumitsa khosi ayamba kumutayikira kumaso. Msana umene ukukokedwa mbali ziwiri motere umapeza mpata pakati pa mafupa ake, ndipo kulemera kwa thupi kumatsikira m'miyendo m'malo mokanirira m'chiuno.

Chigawo choyamba chimaoneka chosavuta kuposa zonse. Zala zimalukana pansi pa mchombo, manja amakwera kufika pachifuwa, zikhatho zimatembenuka n'kukankhira kumwamba, maso akuzitsatira. Mikono ikawongoka, mutu umabwerera kuyang'ana kutsogolo, ndipo mpamene pali kamphindi koima. Taonani chifukwa chimene anaikirapo kubweza mutuko. Munthu akuyang'ana kumwamba khosi limapindikira kumbuyo ndipo mapewa sangatambasuke mpaka pamapeto. Chibwano chikangolowa, manja amakweranso pang'ono pawokha, nthiti zimatseguka m'mbali monse, ndipo kukokako kumamveka mpaka m'chiuno. Ndi kanthu kakang'ono kwambiri moti woonerera sangakaone, koma amene anakonza chigawochi anali atamvetsera thupi lake mokwanira mpaka anakapeza. Potsika, mikono imagwera m'mbali pang'onopang'ono, mapewa amayamba kumasuka, kenako zigongono, pomaliza manja, mawondo akupindika mogwirizana nazo. Amabwereza maulendo 6.

Mpweya uli ndi lamulo lake lapafupi: pokwera ndi potsegula umalowa, potsika ndi potseka umatuluka, ndipo pa kamphindi koima umaimanso pang'ono. Komabe mphunzitsi wabwino sauza wophunzira watsopano lamuloli. Amamuuza kuti azipuma mmene amapumira masiku onse mpaka manja ndi miyendo zitaloweza njira yake. Nzeru imeneyi ndimailemekeza kwambiri, pakuti munthu amene akuwerenga mpweya uku akukumbukira kumene phazi lipite amangodzibanika, mutu n'kuyamba kuzungulira. Thupi likazolowera, mpweya umadzitsatira wokha. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, koma manja akamatenga nthawi yaitali chotere kuti akwere ndi kutsika, mpweya nawo umatalika n'kuchepa maulendo, popanda kuukakamiza.

Anthu a ku China akhala akusema lusoli kwa zaka zoposa 2,000. Mu 1973 akatswiri ofukula zakale anatsegula manda achitatu a ku Mawangdui, pafupi ndi mzinda wa Changsha m'chigawo cha Hunan, amene anatsekedwa m'chaka cha 168 Yesu asanabadwe. Mwa zimene anapezamo munali nsalu ya silika yojambulidwa anthu 44 m'mizere inayi, amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata, ena akuwerama, ena atambasula manja, ena agwira ndodo. Pambali pa ena mwa iwo panalembedwa vuto limene kachitidweko kakulimbana nalo, monga kuwawa kwa bondo ndi kugontha. Nsalu imeneyi imandiuza kuti kuyambira pachiyambi lusoli silinali la anyamata amphamvu ofuna kuonetsa minofu. Analikonzera munthu amene bondo likumuvuta. Patapita zaka pafupifupi 350, dokotala wotchuka Hua Tuo, amene anaphedwa cha m'ma 208, anaphunzitsa masewera otsanzira nyama zisanu: kambuku wamizeremizere, gwape, chimbalangondo, nyani ndi mbalame. Mbiri yakale imati wophunzira wake Wu Pu anawachita mpaka anapitirira zaka 90 akumva bwino, akuona bwino, mano ali onse.

Dzina la Baduanjin likupezeka m'buku la Yijian Zhi la Hong Mai, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1123 mpaka 1202. Iye anasimba za Li Siju, mlembi wa kunyumba ya mfumu, amene mu 1117 ankadzuka pakati pa usiku n'kukhala tsonga, kupuma mwadongosolo ndi kudzisisita, zimene zinkatchedwa Baduanjin. Ambiri amakonda kunena kuti anayambitsa Baduanjin ndi Yue Fei, mkulu wa asilikali amene anaphedwa mu 1142, pofuna kulimbitsa ankhondo ake, koma mu 1117 Yue Fei anali mnyamata wa zaka 14. Mndandanda wa zigawo 8 zochita choimirira umene anthu amaloweza lero unakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Amene anailowetsa qigong m'zipatala za masiku ano analinso wodwala. Liu Guizhen, wobadwa mu 1920 m'chigawo cha Hebei, anabwezedwa kumudzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 atafooka ndi zilonda zam'mimba ndi matenda ena. Kumeneko mkulu wina dzina lake Liu Duzhou anamuphunzitsa njira yopumira yotchedwa Neiyanggong, ndipo patatha masiku pafupifupi 100 anabwerera kuntchito ali bwino. Mu 1954 anatsegula malo ochiritsira mwa njirayi ku Tangshan, mu 1956 anayamba kutsogolera ena aakulu ku Beidaihe m'mphepete mwa nyanja, ndipo buku lake la mu 1957 linafalitsa dzina lakuti qigong m'dziko lonselo. M'nyengo ya chipwirikiti cha ndale ya 1966 mpaka 1976 zonsezi zinatchedwa zikhulupiriro zachikale, ndipo Liu anazunzidwa. M'nyengo yovuta yomweyo mayi wina wojambula zithunzi, Guo Lin, amene anali atachitidwa maopaleshoni angapo chifukwa cha khansa, anayamba kuphunzitsa odwala anzake m'mapaki a Beijing kuyenda pang'onopang'ono, akukoka mpweya kawiri mwachidule n'kuutulutsa kamodzi. Kuyenda kumeneko sikuchotsa chotupa, ndipo wodwala khansa malo ake oyamba ndi kuchipatala. Koma Guo Lin anadzutsa anthu amene anali atagona kudikira imfa, n'kuwapatsa chochita m'mawa uliwonse ndi anzawo ochita nawo, ndipo magulu a odwala khansa m'mizinda ya ku China akuyendabe choncho ngakhale iye anamwalira mu 1984.

Aphunzitsi amafotokoza zonsezi ndi qi, mphamvu ya moyo imene madokotala a makolo a ku China amati imayenda m'njira zakezake m'thupi n'kumasonkhana pansi pa mchombo, pamalo otchedwa dantian. Zigawo za Baduanjin anazigwirizanitsa ndi ziwalo zamkati: chachitatu, chimene dzanja limodzi limakankha kumwamba lina pansi, amati n'cha chifu ndi kapamba, chachisanu n'choziziritsa mtima, chotsatira chake n'cha impso ndi chiuno. Madokotala a opaleshoni akatsegula thupi sazipeza njira zimenezi. Kwa ine zimenezo sizichotsa kanthu pa lusoli. Mukauza munthu kuti atsitse mpweya wake kufika pansi pa mchombo, amasiya kupumira pamwamba pa chifuwa, mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba umatsika mokwanira, mapapo amadzaza mpaka pansi, ndipo potulutsa mpweya mwachifatse mtima umachepetsa liwiro. Mukamuuza kuti atumize qi kunsonga za zala, maganizo ake amachoka pa ngongole ndi milandu n'kupita kuzalako, ndipo dzanja limatambasuka mpaka pamapeto. Anthu amene analibe makina oonera mkati mwa thupi anapeza chilankhulo chimene thupi limamva n'kuchita chinthu choyenera, ndipo ndi chilankhulo chimenecho anaphunzitsana mibadwomibadwo.

Pali nthawi imene chilankhulochi chinagwera m'manja olakwika. M'zaka za m'ma 1980 qigong inatenga malo m'dziko lonse la China, anthu mamiliyoni ambiri akukhamukira kwa aphunzitsi olonjeza zozizwitsa. Moto waukulu utabuka m'nkhalango za Daxing'anling mu 1987, panamveka zoti mphunzitsi wotchuka Yan Xin anathandiza kuuzimitsa ndi qi ali kutali kwambiri. Nkhani zoterezi zimandipweteka mtima, chifukwa zinaphimba ntchito yeniyeni ya agogo amene ankangofuna kuti mawondo awo awafikitse kumsika. Mu 1999 boma linaletsa gulu lina la qigong lotchedwa Falun Gong, ambiri mwa otsatira ake n'kumangidwa, ndipo mu 2001 linakhazikitsa ofesi yoyang'anira qigong pansi pa nthambi ya zamasewera. Cholinga cha boma chinali kugwira chinthu chimene chinali chitalipulumuka m'manja. Komabe akatswiri amene anapatsidwa ntchitoyo anaigwira mosamala. Mu 2003 anatulutsa mitundu inayi yokonzedwanso, Yijinjing, Wuqinxi, Liuzijue ndi Baduanjin, ndipo Baduanjin inakonzedwa ndi gulu la ku Beijing Sport University. Ndi imeneyi imene ikuchitidwa m'mapaki, m'masukulu ndi m'maofesi lero, ndipo mulibe pemphero kapena kupembedza kulikonse.

Mwa zigawo zonse, chachinayi ndi chimene ndimachiona kuti chinapangidwa mwanzeru kwambiri, mwina chifukwa munthu sasuntha n'komwe pamalo. Mikono imawongoka m'mbali mwa thupi, kenako imapotokera kunja mpaka pamene yalekezera, chala chaching'ono chikutsogolera, ndipo mutu umacheukira kumbuyo maso akuyang'ana chakumbali chakumbuyo. Lamulo lake n'lakuti mutu ucheuke koma chifuwa chiyang'anebe kutsogolo. Wophunzira aliyense amafuna kutembenuza thupi lonse kuti aone patali, ndipo akatero ntchito yonse yatayika. Chifuwa chikakhala pamalo pake, kupotoka kwa mikono kumakokera mafupa a mapewa pamodzi kumsana, minofu yapachifuwa imene inafupika chifukwa chowerama imatambasuka, ndipo khosi limazungulira lokha popanda chiuno kulibera ntchito. Anthu akale ankati chigawochi n'chochotsa kutopa kobwera chifukwa choyang'ana, kugona, kukhala, kuima ndi kuyenda mopitirira muyezo. Telala amene wakhala pamakina tsiku lonse, dalaivala, ndi mlembi wa pakompyuta onse ali m'gulu limenelo.

Chachisanu ndicho chovuta. Munthu amatsika kwambiri miyendo itatangadza, manja ali pantchafu, n'kupendekera kumanja, kuzunguza thupi kudutsa kutsogolo kupita kumanzere, kenako mutu ndi fupa lakumapeto kwa msana zimazungulira nthawi imodzi, khosi lili lofewa. Ntchafu zimanjenjemera, ndipo apa mpamene mumadziwira amene wakhala nalo lusoli nthawi yaitali.

Chigawo cha 6 chili ndi ulemu wake pa msana. Manja amakwera, n'kutsikira pachifuwa, n'kulowa m'khwapa kupita kumbuyo. Zikhatho zimasisita mbali ziwiri za msana kutsika mpaka m'matako, ndipo pokhapo mpamene munthu amayamba kuwerama, manja akupitiriza kumbuyo kwa ntchafu, akatumba, mpaka pamwamba pa mapazi, mawondo osapindika. Luso lili podzuka. Sadzuka ndi msana. Manja amayamba atambasukira kutsogolo mpaka mikono itafika m'mbali mwa makutu, ndiye mikonoyo ndi imene imanyamula thupi, msana uli wowongoka ngati mmene unalili poima. Amene manja ake safika kumapazi amalekezera pamawondo, ndipo amene amadwala BP kapena chizungulire amauzidwa kuti asatsitse mutu kwambiri. Palibe amene amamuseka, pakuti muyezo wa chigawochi ndi kutambasuka kwa msana wa munthuyo, osati kukhudza pansi.

Pambuyo pa kufatsa konseku, chigawo cha 7 chimadzidzimutsa. Chala chachikulu chimalowa mkati mwa chibakera, zinazo n'kuchifumbata, ndipo nkhonya imatuluka pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno, maso akutong'oka pang'onopang'ono mpaka kuchita kuyaka, zala zakumapazi zitakanirira pansi. Gogo amene mphindi yapitayo nkhope yake inali phee amaoneka ngati wakonzeka kumenya nkhondo. Kenako chibakera chimatseguka, dzanja limazungulira, limafumbatanso n'kubwerera, maso n'kufewa. Amene anakonza mndandandawu anadziwa kuti munthu ali ndi ukali m'kati mwake, ndipo anaupatsa malo ake, nthawi yake ndi polekezera pake.

Chomaliza ndi chachifupi. Mapazi ali pamodzi, zidendene zimanyamuka, liwombo likukankhira kumwamba, mapewa ali pansi. Munthu amaima pazala kamphindi, amatsika theka la njira mwachifatse, kenako n'kugwetsa zidendene pansi mopepuka, mano atalumana pang'ono kuti kugundako kusapweteke nsagwada. Amatero maulendo 7. Kwa wachinyamata ndi masewera, koma kwa munthu wa zaka 75 kuima pazala osagwira khoma ndi nkhani yaikulu, chifukwa kugwa ndi kuthyoka fupa lam'chiuno n'kumene kumagoneka okalamba ambiri osadzukanso. Pa nkhani ya kugwayi, umboni wamphamvu unachokera ku taiji, m'bale wake wa qigong amene amayendanso mwachifatse chomwechi. Mu 2018 Li Fuzhong ndi anzake ku Oregon, m'dziko la America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 670 a zaka 70 kupita m'tsogolo amene anali pachiopsezo cha kugwa. Patatha milungu 24, amene ankachita taiji anagwa mochepera ndi 58 peresenti poyerekeza ndi amene ankangodziwongola. Kusamutsa kulemera kwa thupi kuchoka mwendo wina kupita wina uku ukumvetsera, kupinda mawondo, kukanirira ndi zala zakumapazi, zonsezo zilimo mu Baduanjin.

Mu Febuluwale 2020, mliri wa Covid-19 utavuta ku Wuhan, boma linasandutsa maholo ndi mabwalo amasewera kukhala zipatala zongoyembekezera za odwala amene sanadwalitse. Ku chipatala chotere cha ku Jiangxia, chimene chinkayendetsedwa ndi madokotala a mankhwala a makolo motsogozedwa ndi Zhang Boli, anamwino ovala zodzitetezera thupi lonse ankaima kutsogolo kwa odwala pakati pa mizere ya mabedi n'kumawatsogolera pa Baduanjin. Kachilomboko sikankaphedwa ndi kutambasula manja. Koma anthu otsekeredwa, amantha, a mapapo ofooka, amene sakanatha kuthamanga kapena kunyamula zitsulo, anali ndi chinthu chokwanira m'kampata ka pakati pa bedi ndi bedi, chimene chimatsegula chifuwa popanda kutha mpweya.

Ngakhale amene sangathe kuima sanasiyidwe. Baduanjin yochita chokhala, yonga imene Li Siju ankadzukira usiku, inalembedwa mwatsatanetsatane m'buku la Zunsheng Bajian la Gao Lian mu 1591, ndipo ikuphunzitsidwabe kwa okalamba ndi ochira kumene. Munthu amakhala tsonga n'kugunditsa mano akumwamba ndi akumunsi maulendo 36. Amatseka makutu ndi zikhatho, zala zili kunkhongo, n'kumatsetsereza chamkombaphala kuchoka pa chala chapakati kuti chigunde kumbuyo kwa mutu maulendo 24. Amazunguza lilime m'kamwa mpaka malovu atachuluka n'kuwameza katatu. Kenako amatikita zikhatho mpaka zitatentha, n'kusisita nazo kumsana cha m'chiuno, ndipo akamaliza amawongola miyendo n'kuweramira kumapazi mpaka pamene thupi lake lamulola tsiku limenelo.